Mawu a anaBanda Amene Ndinafufuta

Ndinachoka kwathu ku Sinda thonje litatikana zaka ziwiri zotsatizana. Ndinauza mkazi wanga, anaBanda, kuti ndikupita ku Kitwe kukagwira ntchito zaka zitatu basi. Iwo anangoti, "Zitatu zanuzo ndikuzidziwa," n'kupitiriza kuswa mtedza. Ndinakhalako zaka makumi atatu, ndikulemba katundu wolowa ndi wotuluka m'nyumba yosungiramo zitsulo. Kumudzi ndinkabwera pa Khirisimasi, ngati mlendo.

Ine sinditaya pepala. Tikiti ya basi ya ulendo woyamba uja ilipo. Makalata onse a anaBanda ali m'sutikesi, omanga ndi mphira, chaka chilichonse pachokha. Koma anaBanda sankadziwa kulemba. Ankapita kwa mkazi wa aphunzitsi, iwo akunena, winayo akulemba. Ndiye kalata iliyonse inkayamba ndi moni wa kutchalitchi n'kuthera pa feteleza. Munthu sunganene kuti wasowa mwamuna wako pamaso pa mkazi wa aphunzitsi.

Kenako kunabwera mafoni a mabatani, otumiza timawu towerengeka, ndipo wolemba anali mwana wathu wamkazi, Tisa. Pambuyo pake kunabwera masamba a pa intaneti aja, pomwe aliyense amaonetsa nsapato zake zatsopano, ndipo maliro umawaona pachithunzi achibale asanakuuze. Ndinkadana nawo, ndipo ndimadana nawobe. Koma pafoni chitabwera chongodina n'kulankhula uthenga, ndinamva mkazi wanga kwa nthawi yoyamba ali yekha, popanda womulembera.

"Bambo a Tisa, mvula yagwa kuno. Mpando wanu ukunyowa pabwalo. Sindiuchotsa, mudzauchotse nokha."

Mauthenga otere ankabwera pafupifupi tsiku lililonse, mpaka foni inayamba kudandaula kuti yadzaza. Ndinachita zimene ndachita moyo wanga wonse. Ndinagula buku lachikuto cholimba, ndikumvetsera uthenga uliwonse, kuulemba liwu ndi liwu, tsiku lake pamwamba, kenako kuufufuta m'foni. Ndinkadziona wanzeru. Pepala silifuna batire.

AnaBanda anadwala masabata awiri okha. Ndinafika atatsikira kale kuli chete, ndipo ku Kitwe sindinabwererenso. Maliro atatha ndinatsegula buku lija. Mawu onse analimo, palibe losowa. Koma ndikawerenga ndinkamva mawu anga. Kutsokomola kumene ankayamba nako akafuna kunena chinthu chamanyazi sindinakulembe. Kuseka sindinakulembe.

Ndinakwera minibasi kupita ku Katete kwa okonza mafoni kuti akandibwezeretsere mauthenga aja. Wokonzayo anaitembenuza foniyo kawiri n'kundibwezera.

"Madala, ngati munadilita, yapita. Simunachite bakapu, kusungako kwina?"

Ndinamukalipira. Ndinati anthu amene anapanga chinthu chosunga nsapato za alendo n'kutaya mawu a munthu alibe nzeru. Anandisiya ndilankhule. Tonse awiri tinkadziwa chala chimene chinadina.

Nkhaniyi inamufika mlamu wanga, mng'ono wa malemuwo. Lamulungu titaweruka kutchalitchi, anandiimitsa pansi pa mtengo wa mango, amayi ena asanu ali pambuyo pake, aliyense foni m'manja.

"Alamu, inu ndinu ophunzira, mumadziwa kufufuta. Ife sitidziwa n'komwe podina pake. Zonse zili momwemu."

Anandisonkhanitsira mauthenga khumi ndi anayi. AnaBanda akuitana anzawo ku kwaya. AnaBanda akubwereka sefa. AnaBanda akukalipira mwini mbuzi zimene zinalowa m'munda wa mtedza. Mudzi wonse unali ndi mawu awo, kupatula ine. Palibe uthenga ngakhale umodzi wopita kwa ine, koma womaliza, umene anatumizira mng'ono wawo atayamba kudwala, ukunena za ine. Akuyamba ndi kutsokomola kuja.

"Ukuti ndiwauze abwere? Ndawauza kangati, iwe? Akamva, angolemba m'buku lawo lija."

Ndimaumvetsera m'mawa uliwonse. Umenewu sindinaulembe.