Mpumulo wa M'nyimbo ya Khoka

Amene anandilakwira ndi aphunzitsi opuma ntchito aja, otsogolera macheza a Loweruka ku boma. Ananditengera nyimbo yanga yokokera khoka, kuidula miyendo, n'kundiseketsa pagulu nditafuna kuiikira kumbuyo.

Machezawo ndinkawakonda koopsa. Aulere, pansi pa mtengo wa mango, ena pa mabenchi, ena pa bwato lobooka lomwe linatayidwa pamenepo. Lero za ndakatulo, sabata inayo za amene tizimufunsa mjigo ukafa. Ine wolekezera Sitandade 6 ndinkapalasa njinga kuchokera ku Liwaladzi, mamba a nsomba adakali m'manja, kukamva ashehe akutsutsana ndi anamwino pa za buku. Ndinkabwerera mutu ukuwira.

Tsiku lina aphunzitsiwo anabwera kwathu ndi kope. Ndinawaimbira nyimbo yomwe ndinapeka ndekha, yomwe anzanga amavomera tikamakoka. Analemba, n'kuthokoza.

Loweruka lotsatira anaiwerenga pagulu. Mawu anga enieni, pakamwa pa munthu wa tayi! Koma movomera monse, muja timati "eya-e", anali atafufuta. Akuti kubwerezabwereza kumaononga ndakatulo. Kenaka anaiimba mothamanga ngati ya kwaya.

Ndinangodzambatuka. "Nyimboyo siyenda choncho."

"Mnyamata, pano timayamba takweza mkono," anatero. "Kapena zimenezo zimaphunzitsidwa ku Sitandade 7?"

Anthu anaseka. Ndinamenya benchi theche, chala n'kutupa, ulendo wa kwathu. Sabata yonse ndinkalumbira kuti sindidzapondakonso. Koma ndikasiya, Loweruka ndizikamva kuti zinthu ngati zija? Ndikapita, ndizikakhala duu ngati mbuzi ya pamsika?

Ndinapita, chingwe cha khoka chili pa kaliyala. Ndinakweza mkono mpaka phewa kuwawa. Atandiloza, ndinamanga chingwecho ku bwato lija n'kupempha anthu asanu ndi mmodzi.

"Aphunzitsi, inunso gwirani. Muyambitse mmene munaimbira muja."

"Akoke aphunzitsi, tione," anatero anamwino, akuvula nsapato.

Anayambitsa. Wina kukoka, wina kupuma, ashehe kuponda mkanjo wawo womwe. Bwato osasuntha ngakhale pang'ono.

Ndinayambitsa ine. Ndikaponya mzere, iwo "eya-e", mapazi kuponda, mpweya kulowa, kenaka onse pamodzi. Bwato linakhwekhwereza mchenga. Amayi ogulitsa zitumbuwa anasiya beseni n'kudzagwira kumapeto. Ofika mochedwa ankavomera asanatsike njinga. Ine thupi lonse tsembwe, mawu akutuluka ngati si anga. Bwato linakafika pa msewu.

Aphunzitsi anali wefuwefu, tayi ili paphewa, ndipo ndinali nditawamva ndi makutu angawa akukuwa "eya-e" kuposa tonse. Ndinawayandikira, mawu n'kuwatsitsa.

"Aphunzitsi, pomwe mumapumira paja ndi pomwe munafufuta. Tengani kope lanu mubwezeretse. Pansi pake mulembe kuti mwini wake ndi wa Sitandade 6, ndipo Loweruka likubwerali abweranso."