Khoma Limene Linkamulankhulira

Linali Loweruka loyamba la mwezi wa Okutobala, cha m'ma 10 koloko m'mawa, pamene mwana wathu wamkazi, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, anatsika pa njinga yamoto ya kabaza atakumbatira chitini cha penti. Sanakhale n'komwe pansi kuti tilonjerane. Anachiika pakhonde n'kunena kuti, "Bambo, tachinyamulani."

Ndinachinyamula. Chinali chaching'ono, koma kulemera kwake ngati munadzaza misomali.

"Muli chiyani umu?"

"Penti."

"Penti wake wa miyala?"

"Wa chitsulo. Muona."

Mayi ake anali gone m'chipinda. Sitiroko inamugwira mwezi wa Juni tili kudimba. Inatenga dzanja lamanja, mwendo wamanja ndi mawu onse, n'kumusiyira liwu limodzi lokha, lakuti eya. Ukamufunsa ngati akufuna madzi, eya. Ukamufunsa ngati sakufuna, eya. Mutu nawo unkagwedezeka chimodzimodzi pa funso lililonse. Kumva ankamva, maso ankasonyeza, koma za mumtima zinalibe potulukira. Tsiku lina ndinalimbikira kumudyetsa phala pamene iye ankafuna kuchimbudzi. Zimene zinatsatira sindizilemba.

Kuchipatala anatilangiza kuti tijambule zithunzi pa timakadi, iye aziloza. Tinayesa. Dzanja lamanzere linkanjenjemera, timakadi tinkasakanikirana pabulangeti, tina n'kugwera kunsi kwa bedi. Ndiponso kuloza kumafuna kuti munthu akhalepo n'kuona, pamene ine theka la tsiku ndinkakhala kumunda.

Mwanayo anandifotokozera pang'onopang'ono, podziwa kuti sindivomera chinthu ndisanachimvetse. Penti ameneyu si maginito ayi. Muli fumbi la chitsulo. Akauma pakhoma, maginito amamatirira monga amachitira pa chitseko cha filiji. Ndi penti woyalira pansi, wofunika kudzamuphimba ndi penti wina wopyapyala. Winayo anati adzabwera naye pa Khirisimasi.

Tinamusamutsira wodwalayo pabalaza chifukwa cha fungo. Tisanatero ndinakweza dzanja lake lamanzere n'kulemba ndi khala pakhoma pamene linkalekezera, kuti tisawononge penti pamalo amene sangafikepo. Kutakasa kokha kunanditulutsa thukuta. Chitsulo chonse chinali chitadikha pansi ngati matope a m'chithaphwi, ndipo kathabwa ka paini kamene ndinkatakasira kanathyoka. Tinapaka, tinadikira kuti aume, tinapakanso, mpaka chitini chinatha. Pakhoma loyera panatsala chigamba chakuda, chachikulu ngati theka la chitseko, chokhakhala ukachisisita.

Khoma limenelo ndi la mbali ya kuphiri. Njerwa zake ndi zootcha koma tinamangira dothi, ndipo pulasitala wake ndi wopyapyala. M'mwezi wa Okutobala linali louma gwa. Palibe mwa ife amene anaganizira za Januwale.

Mwanayo anamata timaginito tozungulira ngati mabatani kuseri kwa timakadi. Panali kapu, mbale, chimbudzi, bulangeti, dzuwa, korona yopempherera, mutu ndi mwendo za pamene pakupweteka, ndi nkhope za anthu a m'banja zodula pa zithunzi zakale. Pakati pa chigambacho anajambula mzere ndi choko. Chimene mayi ake akufuna azichikankhira pamwamba pa mzere, basi.

Titamubwezera pabedi anayang'anitsitsa khomalo nthawi yaitali. Kenako anatambasula dzanja, n'kugwira kakadi ka nkhope yanga, n'kukakankhira pansi penipeni, pakona.

"Bambo, mwachotsedwa ntchito," anatero mwanayo.

Mkazi wanga anaseka ndi theka la pakamwa. Chiyambire Juni ndinali ndisanamve kuseka m'chipinda chimenecho. Madzulo ndikubweretsa madzi osamba ndinapeza nkhope yanga itakwera.

Okutobala ndi Novembala inali miyezi yabwino. Ndinkapita kukalima mizere, pobwera n'kupeza kapu ili pamwamba, kapena dzuwa, kutanthauza kuti ndimutulutse akaothere pakhonde. Khomalo linkasunga mawu ake mpaka ndibwere. Anayambanso kuphatikiza. Korona ndi nkhope ya mng'ono wake kunali kufuna kuti abwere adzapemphere naye. Mbale ndi nkhope yanga, ndinachedwa kumvetsa, kunali kundifunsa ngati ineyo ndadya.

Mng'ono wakeyo anabwera mu Disembala kudzandithandiza. Tinamva kuti bambo mfumu a ku Kasina ayendera odwala ndi Ukaristia Khirisimasi isanafike, ndipo akhristu a mumphakati wathu awaperekeza. Mudzi wonse unali pa ntchito yopaka laimu m'makoma, monga timachitira chaka ndi chaka. Mlamu wangayo anaima pakhomo la chipinda manja ali m'chiuno.

"Alamu, bambo mfumu alowe muno chonchi? Nsalu yakuda pamutu pa wodwala, ngati tayamba kale kulira?"

"Mwana anati abweretsa penti."

"Mwana amukaniza tchuthi, mwamva nokha pafoni. Laimu si penti kodi?"

Kwa ife laimu ndi penti ndithu. Tinamusungunula m'ndowa monga mwa masiku onse, n'kuthiramo mchere wodzaza manja kuti agwire, asamatsalire m'zovala. Amayi anga ankatero, anansi onse amatero. Ulendo woyamba chakuda chija chinkaonekerabe, choncho tinabwereza mpaka chinabisika. Bambo mfumu anabwera, anamudyetsa Ukaristia, ndipo potuluka anayamikira ukhondo wa m'chipindamo. Timakadi tinkagwirabe, ngakhale osati molimba ngati kale.

Chaka chatsopano chinalowa ndi mvula ya mphepo yochokera kuphiri. Ikaleka, nkhungu inkatsala mpaka masana. Khoma la mbali imeneyo limamwa madzi dzinja lililonse, ndipo zaka zonse tinkangosendeza kabati kuti isaole kumsana. Bedi sitikanatha kulisendeza, chifukwa dzanja lake silikanafika.

Poyamba panatuluka timadontho tofiirira ngati pa dzira la nkhanga. Timadontho tinakula, tinakumana, kenako tinayamba kutsetsereka. Mizere yofiira inatsika kuchokera pa chigamba chija mpaka pa simenti. Laimu anatupa matuza n'kuyamba kusupuka. Timakadi tinayamba kutsika tokha. Ndinkabwera kuchokera kumunda n'kupeza chimbudzi chili pansi kuseri kwa bedi, osadziwa ngati anachikweza iye chisanagwe, kapena chinangogwa.

Tsiku lina ndinaona ndi maso anga. Anakankhira mwendo pamwamba pa mzere, kakadi n'kutsetsereka. Anakankhiranso, n'kugwa. Kenako anasesa timakadi tonse ndi mkono wonse, n'kutembenuzira nkhope kuchitseko. Kuyambira pamenepo sanakhudzenso khomalo. Ndinkatola, ndinkamata pamalo ouma pang'ono, iye osayang'anako. Sabata yomweyo anayamba kutsokomola.

Ndinamuimbira mwana uja n'kumufotokozera zonse mwadongosolo.

"Mchere, bambo? Pa chitsulo?"

"Sunanenepo za laimu."



"Sindinanene. Sindinaganizeko n'komwe," anatero. Anati tipale zonse, khoma liume, tiyambirenso. Tonse awiri tinkadziwa kuti khoma limenelo siliuma Meyi asanafike.

Amayi a mumphakati amene kale ankalowa n'kukhala m'mphepete mwa bedi anayamba kupempherera pakhomo. Mmodzi ndinamuona akukhudza mzere umodzi ndi chala n'kununkhiza. Palibe amene anandifunsa kanthu. Nkhani inayenda yokha mpaka inakafika kwa mchimwene wake wamkulu wa mkazi wanga, kumudzi kwawo, kupitirira pa Chimbiya. Mkazi wanga ndinamutenga pachitengwa, ndipo mwini mbumba ndi iwowo. Chinthu akachinena pa mlongo wawo, ine ndilibe poimira.

Alamu angawo anabwera Lamulungu masana pa galimoto yapikapu ya mnzawo, kumbuyo atayala kale matiresi. Nditaona matiresiwo ndinadziwa kuti sanabwere kudzazonda. Tinalonjerana bwinobwino pakhonde, anafunsa za chimanga, ine ndinafunsa za ana. Kenako analowa, anagwira mlongo wawo dzanja, n'kuima kuyang'ana khomalo.

"Alamu, ine za ufiti si zanga, mukundidziwa. Ndakalambira m'kwaya. Koma kwathu akundifunsa, ndipo ndikusowa chowayankha. Akuti khoma lokoka zitsulo lingalephere bwanji kukoka magazi a munthu?"

"Ndi dzimbiri, alamu."

"Dzimbiri limagwira khasu ndi lata. Njerwa yochita dzimbiri ndiionere kwa inu?"

Ndinawafotokozera za fumbi la chitsulo, za mchere, za chinyezi. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula.

"Ndiye kuti munapaka chitsulo pakhoma lonyowa, n'kutsamiritsapo mlongo wanga."

"Kuti azitha kunena zimene akufuna."

"Akunena chiyani lero?"

Pakhoma panalibe kakadi ngakhale kamodzi. Iwo anawerama n'kulowetsa dzanja pakati pa bedi ndi khoma, n'kufinya m'mphepete mwa bulangeti. Anandionetsa chikhatho chonyowa.

"Ili nalonso ndi dzimbiri?"

Mkazi wanga anatsokomola, chifuwa chochokera pansi, chotenga nthawi kuti chithe. Tonse tinadikira.

Ndinapempha chinthu chimodzi, kuti timufunse mwini wake. Anavomera. Ndinafufuza mu timakadi n'kupeza nkhope yanga ndi yawo. Ndinazimata m'munsi mwa mzere, zonse ziwiri n'kugwa. Ndinazitola n'kuzigwirizira pakhoma ndi zala zanga.

"Mayi, kankhani imodzi. Ingokhudzani, ine ndikweza."

Anayang'ana zithunzizo, anayang'ana ine. Zala zake zinayenda pang'ono pabulangeti. Dzanja silinadzuke.

Alamu anagwada pafupi ndi mutu wake. "Achemwali, tizipita kwathu?"

"Eya."

"Mayi, mutsala konkuno?" ndinafunsa ine.

"Eya."

Alamu anadzuka, mawondo akulira. Sanandinyoze, ndipo sanayerekeze kuti eya woyambayo ndi yankho.

"Mwaona, alamu. Palibe amene akumumva, inu kapena ine. Ndiye ndilankhula ndine, chifukwa udindowo ndi wanga. Kwathu chipinda n'chouma, ndipo akazi omusamala alipo ambiri. Mvula ikatha tidzakhala pansi."

"Kumeneko adzadziwa bwanji akafuna kanthu?"

"Kuno mukudziwa?"

Tinamunyamula tonse, iwo kumapewa, ine kumiyendo. Anali atapepuka kuposa mmene ndinkaganizira. Mng'ono wake analongedza zovala ndi mankhwala akulira chamumtima. Pokwera galimoto anandiyandikira n'kunena motsitsa kuti laimu uja anasakaniza ndi iyeyo. Ndinamuuza kuti bulashi inali m'manja mwanga, akwere, mvula ikubwera. Anafunditsa wodwalayo pepala la pulasitiki pamwamba pa mabulangeti. Galimoto itayamba kuyenda mkazi wanga ankayang'ana denga la nyumba yathu, osati ine. Anansi anaonerera ali m'makonde mwawo.

Dzuwa lisanalowe ndinasendeza bedi n'kusesa. Kuseri kwake kunali zipalapala za laimu zofiira kunsi, ndi timakadi tina timene ndinkayesa kuti tinatayika. Kapu inali itafufuma ndi chinyezi, chithunzi chitafufutika. Ndinajambula ina pa chikuto cha kope. Sindinamuimbire mwana tsiku limenelo.

M'mawa mwake ndinapita kukhola la nkhuku n'kuzula lata losalala limene linkatchinga pakhomo pake. Ndinalikwecha ndi mchenga ndi sopo mpaka linayera, n'kupinda m'mphepete monse ndi hamala kuti lisamucheke. Nditayesa kamaginito kanagwira zolimba, moti ndinachita kukachotsa ndi chikhadabo. Dzanja lake silikanatha kukasuntha. Ndinakuta latalo ndi chidutswa cha chitenje chake chakale, ndinayesanso, ndipo kanayenda mofewa osagwa. Ndinalemba mzere pakati. Timakadi ndinatiika m'thumba la shuga lopanda kanthu n'kulowetsa m'malaya, kuti tisanyowe.

Ngati alamu akalole kuti lata lokhala ndi maginito lilowe m'nyumba mwawo pambuyo pa zonse zimene anthu ananena, sindinkadziwa. Ngati iye akatambasulenso dzanja, sindinkadziwanso. Ndinamangirira latalo pakaliyala ya njinga ndi malegeni, ndinatseka pakhomo la khola ndi njerwa, n'kuyamba kukankha njinga m'matope kulowera ku Chimbiya.