Chifuwa cha Amayi

Amayi sanasutepo fodya moyo wawo wonse. Ankasuta ndi abambo, omwe anali telala pakhonde la sitolo ina ku Mchesi. Nyengo ya mvula ankasokera kunyumba kwathu ku Biwi, zenera lili chitsekere, ndudu ili pakamwa. Amayi ankakhala pambali pawo kusokerera mabatani ndi kusita zovala za makasitomala. Yunifolomu yanga inkanunkha fodya moti aphunzitsi ena anandinunkhizapo m'kamwa.

Tsiku lina pawailesi ankakambirana zoti pakhale lamulo loletsa kusuta pagulu ndi kugulitsa ndudu kwa ana. Abambo anaimitsa makina.

"Anthu awa asowa chochita? Ine ndinakulira m'munda wa fodya ku Dowa. Fodya ndiye anandilera."

"Akunena za utsi, bambo ake, osati za munda," anatero amayi.

"Utsi unaphapo ndani?"

Amayi anangoseka n'kuonjezera makala musimbi.

Chifuwa chinawayamba ine nditakwatiwa kale. Tinkayesa TB, koma atawayeza sanaipeze. Anayamba kupuma movutikira, kukatunga madzi pakiyosiki n'kupumira kawiri panjira. Titapita nawo kuchipatala chachikulu, dokotala anayang'ana chithunzi cha mapapo nthawi yaitali.

"Mayi, mwasuta zaka zingati?"

"Ine? Sindinalaweko n'kamodzi komwe."

"Nanga m'nyumba mwanu alipo wosuta?"

Amayi anayang'ana pansi. Sanafune kuwachititsa manyazi amuna awo. Abambo anali ataima pakhomo, chipewa chili m'manja.

"Ndine, adokotala," anatero. "Kuyambira tisanakwatirane."

Dokotala sanakalipe. Anangoti utsi wa fodya si wokhawo umene umaononga mapapo, wamakala nawonso umathandizira, koma fodya asamayandikirenso wodwalayo. Abambo anamva za fodya zokhazo.

Anasiya sabata yomweyo. Manja ankanjenjemera mpaka kulephera kulowetsa ulusi m'singano, ndipo ankangokhalira kutafuna chimanga chokazinga. Ankawasambitsa okha amayi, kuwaphikira phala, kuwanyamula kukaothera dzuwa. Ndinawamva m'mawa wina amayi akuti, "Musadzizunze, bambo ake. Tinali limodzi m'chipindamo, ndikanatha kutsekula zenera." Abambo anatuluka panja.

Amayi anatisiya m'mwezi wa Okutobala, masana, kukutentha kwambiri.

Pano abambo ndimakhala nawo ku Area 25. Mwezi watha anaona mayi wa kaokala pafupi ndi kwathu akugulitsa ndudu imodziimodzi kwa atsikana awiri ovala yunifolomu. Anapita kukamudandaulira mwaulemu, kuti awa ndi ana.

"Madala, inu ndi apolisi? Ndikapanda kuwagulitsa ine akagula patsogolo apo," anatero mayiyo.

Anabwerera pang'onopang'ono n'kukhala pampando wapakhonde. Ndinawapatsa madzi, koma sanamwe.

"Ndinafuna kumuuza za amayi ako," anatero, "koma pakamwa panalemera."