Injini ya Madzi ndi Mlamu wa a Shefe

Nthawi ya nkhondo ndinali kalaliki pa kampani ya madzi ku Furancungo. Kampani linali dzina chabe. Tinali anthu anayi ndi injini imodzi yokalamba yokwezera madzi m'thanki. Tonse tinkadziwa kuti ikangofa, akazi athu azikatunga kumtsinje, kuseri kwa malo amene asilikali ankalondera, ndipo kumeneko anthu ankagwidwa ndi zigawenga.

Woyendetsa injiniyo atathawira ku Malawi, anthu awiri anabwera kudzafuna ntchito. Woyamba anali bambo wina wa ku Chidzolomondo, wokalambira m'zigayo. Anangotchera khutu injini ikulira n'kunena kuti, "Iyi ikumwa mafuta. Ifunika kuiona m'mawa uliwonse ngati mwana wodwala." Wachiwiri anali mlamu wa a shefe, bwana wathu, wa nsapato zonyezimira ndi pepala la sukulu la kwarta kalasi, kalasi yachinayi.

A shefe anapatsa bambo aja cholembera. "Lembani dzina lanu apa, kamarada."

"Ine kusukulu sindinapondeko. Koma ndipatseni sipanala muone."

"Kuno sitilemba anthu odinda chala."

Kalata yolembera mlamuyo ntchito ndinataipa ndine, ndi zala zangazi. Ndinadziwa kuti tikulakwa, koma ndinasoka pakamwa poopa kutaya mpando wanga. Mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwira.

Mlamu ankafika dzuwa litakwera, kuliza injini, basi ulendo kumsika kukasewera bawo. Akanamudzudzula ndani? Tikadandaula, a shefe ankangoti, "Pasiyensiya, lezani mtima, akuphunzira." Anaphunziradi miyezi iwiri. Tsiku lina injini inagogoda, inafuka utsi, n'kukhala chete. Mafuta anali atauma gwa, munthu osayang'anamo ngakhale kamodzi. Zitsulo zatsopano zikanachokera ku Tete, koma msewu unali wosayendeka.

Akazi anayamba kutsikira kumtsinje m'magulu, ndowa kumutu, maso kutchire. Mkazi wanga ankapita ndi mng'ono wake amene tinkakhala naye pakhomo. Sabata yachitatu mkazi wanga anabwera yekha akuthamanga, wopanda ndowa, wopanda chitenje. Mng'ono wakeyo sitinamuonenso.

Ndinayembekeza kuti mlamu achotsedwa. Koma a shefe anati popeza injini kulibe, mnyamata wophunzira chotere asakhale chabe. Anamuikira tebulo pafupi ndi langa, n'kundiuza kuti ndimuphunzitse kutaipa.