Mwala umene ndinausiya pakona

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene bambo anga anagula galimoto. Tinali titakhala ku Karonga zaka ziwiri, atawasamutsa kuchokera kwathu ku Dedza kuti azikagwira ntchito ya ukalaliki pa Boma. Galimotoyo anaipeza pa okushoni ya katundu wakutha. Inali yamtundu wa zija ankayendera alangizi a zaulimi m'midzi, yaitali miyendo, ya tenti kumbuyo ndi mabenchi awiri oyang'anizana. Utoto unali utasuluka moti panalibe wodziwa ngati inabadwa yobiriwira kapena yotuwa. Mayi anaitcha Nkhalamba, ndipo dzinalo linakhala.

Bambo anaphunzira kuyendetsa imvi zitayamba kale. Anawaphunzitsa ndi a Mwambelo, mkulu wina woyandikana nafe nyumba, amene anakalambira pa chiwongolero cha malole. M'tauni, pomwe msewu uli see ngati mphasa, bambo ankayendetsa monyadira, chigongono chili panja, akukwezera dzanja aliyense, ngakhale amene sakuwadziwa. Koma chitunda anali asanakwerepo. Ndiye tchuthi chachikulu cha sukulu chitafika, m'nyengo ya fumbi, analengeza kuti Loweruka banja lonse likukwera kumapiri kukawona dziko. Mayi anafunsa ngati dzikolo silikuwoneka bwino tili pansi pompano. Bambo anachita ngati sanamve.

A Mwambelo ndiwo anatisankhira njira. Anati tikatsata msewu wopita ku Chitipa, kupitirira Mpata, tidzapeza kamsewu kafumbi kopatukira kumapiri, kabwino kwa wophunzira: kalibe mtsinje wowoloka, zitunda zake nzitatu zokha, ndipo pamwamba pali malo otembenukira. Vuto linali limodzi. Handibuleki ya Nkhalamba inali itafa kalekale. Mkuluyo anandiitana, nandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Elube, mwana wane, galimoto ikazima pachitunda, handibuleki ndiwe," anatero m'Chichewa chawo chakumpoto chija. "Udumphe, upeze mwala, uike kumbuyo kwa tayala. Adada ako akalizanso injini n'kunyamuka, mwalawo suusiya pamsewu yayi. Uugubuduzire kutchire kaye, ndiye uthamangire galimoto. Msewu si wa adada ako okha."

Ndinavomera ndi mutu, koma zimene ndinamvetsa kwenikweni n'zoti ndapatsidwa udindo umene mlongo wanga wamng'ono Yosefe sanapatsidwe. Sabata yonseyo ndinayenda mapewa ali m'mwamba.

Tinanyamuka m'mamawa. Mayi anali atakazinga nkhuku, ataphika mpunga wonunkhira wa kuchigwa kuja, n'kuthira tiyi m'fulasiki. Pamsika wina achinyamata a chipani anatiimitsa kufuna makadi a umembala, mayi n'kumasula mfundo ya chitenje momwe ankawasunga, tinapitirira. Titapatukira m'kamsewu kaja, dziko linayamba kusintha. Kutentha kwa kunyanja kunatsalira m'mbuyo. Tinalowa m'nkhalango ya mitengo yophukira masamba ofiira, fumbi likulowa pansi pa tenti n'kumatikhala m'mano. Anyani anali pamiyala kumationerera. Chigongono cha bambo chinali chitabwerera m'kati.

Pachitunda choyamba Nkhalamba inatsokomola kawiri n'kuzima. Bambo anaponda buleki ndi mphamvu zawo zonse akufuula kuti, "Mwala! Mwala!" Ndinadumpha, ndinaika mwala, iwo analiza injini, galimoto inanyamuka ikulira ngati ng'ombe yokokedwa chingwe. Ndinakankhira mwala kutchire n'kuthamanga, diresi langa lalitali lija likundikulunga m'mawondo, mpaka mayi anandigwira mkono n'kundikokera m'kati. Pachitunda chachiwiri zinachitikanso chimodzimodzi. Mayi ankapemphera chapansipansi, Yosefe akuseka mpaka misozi.

Chachitatu ndicho chinali choipa. Galimoto inazimira pakona penipeni, pomwe msewu unapanikizika pakati pa khoma la phiri ndi phompho. Miyala yaing'ono panalibe. Ndinagubuduza wina waukulu ngati dzungu lokhwima n'kuuika kutayala. Bambo anayesa kunyamuka katatu, katatu konse injini ikuzima, ndipo ulendo uliwonse galimoto inkabwerera pang'ono n'kuukanikizira mwala uja m'dothi. Ponsepo pananunkha klachi yopsa. Kachinayi inatheka. Ndinawerama kuti ndikankhe mwala, koma unali utakhazikika. Ndinayesa kamodzi kokha. Nditadzutsa mutu ndinaona galimoto ikutha pakona, hutala akulira, ndipo ndinagwidwa ndi mantha akuti andisiya ndekha ndi anyani aja. Ndinausiya mwalawo pakati pa msewu n'kuliyatsa liwiro.

"Wachotsa?" bambo anafuula osacheuka, nditangogwera pabenchi.

"Ndachotsa," ndinayankha ndikupuma mwawefuwefu.

Ndikanakonda kunena kuti chikumbumtima chinandivuta tsiku lonse, koma kumeneko kungakhale kuwonjezera bodza pa bodza. Titafika pamwamba ndinaiwaliratu. Kunali kamphepo kozizira kondikumbutsa kwathu. Pansi pathu chigwa chonse chinali yalu, minda ya mpunga yokololedwa kale ili mbuu, malata a pa Boma akuthwanima, ndipo kutsidya kwa madzi mapiri a ku Tanzania ataima bii. Bambo ankaloza uku ndi uku ngati anazilenga okha. Ndinadya ntchafu ya nkhuku, ndinalimbirana chiwindi ndi Yosefe, ndinagona paudzu. Ndinali wokondwa kwambiri.

Tinayamba kutsika dzuwa litapendeka pang'ono, pa giya yoyamba monga anatilangizira a Mwambelo. Tikuyandikira kona ija ndinaona anthu. Panali amuna asanu ndi mmodzi kapena kuposa, ndi amayi angapo atagwira pakamwa. Nthochi zinali mbwee mumsewu, zina zitaphwanyika. Njinga inali gone, gudumu lakutsogolo litapindika, kumbuyo kwake kukadali nthambi yamasamba imene anthu akumapiri amamangirira kuti izikoka pansi potsetsereka. M'mbali mwa msewu munakhala bambo wina wamsinkhu wa bambo anga, nkhope ili magazi ndi fumbi, atafungatira mkono wakumanja umene unapindika pamalo posayenera kupindika. Mwala wanga unali pomwepo, wina atautsamiritsa phazi.

Anthuwo ankalankhula chinenero chawo mokweza, koma bambo atatsika, mmodzi anatembenukira ku Chichewa. Anati wovulalayo ndi a Sichali, ankatsika ndi nthochi kupita nazo kumsika, ndipo potulukira pakona anangowomba mwala. Anati iwo akumudziwa amene wasiya mwalawo: ndi dalaivala wa lole yamatabwa imene inakwera m'bandakucha. "Madzulo ano ikutsika. Tikambirana naye pompano," anatero. Anyamata awiri anali akukoka kale chipika kuti atseke msewu, ndipo ena m'manja munali ndodo zosati n'zokambirana.

Bambo anathandiza kukweza a Sichali kumbuyo, mayi anavula chitenje chapamwamba n'kuwamangira mkono pachifuwa. Mayi wina anatola phava la nthochi losaphwanyika n'kuliika m'galimoto, akuti nlothokozera. Tinanyamuka ulendo wa kuchipatala cha pa Boma, ine nditakhala pabenchi moyang'anizana ndi munthu amene ndinamuthyola mkono.

Galimoto ikagunda kadzenje a Sichali ankatsinzina n'kuluma mano, koma osabuula. Ine ndinkawerenga m'mutu njira zopulumukira. Palibe anandiona. Lole inadutsadi. Mwina mwala wa lole unalinso pomwepo. Koma ndinkaudziwa mwala wanga, ndi mbali yake yomwe ija yokhala ndi ndere, ndipo ndinkaona m'maganizo munthu wosamudziwa akutsika mu lole yake, wotopa ndi ntchito, n'kukumana ndi ndodo zija asakudziwa mlandu. Misozi inayamba yokha.

"Iwe mwana, usalire yayi," a Sichali anatero, akuyesa kumwetulira. "Mkono ngwanga, wolira n'kukhala iwe? Thyola nthochi udye."

Akanakhala kuti anandikalipira, mwina ndikanakhala chete mpaka lero. Koma nthochi ija inandikanika.

"Mwala uja ndinasiya ndine," ndinatero.

Injini inameza mawu anga, moti a Sichali anaweramira kutsogolo kuti amve. Ndinabwereza mofuula. "Si wa lole. Ndi wathu. Ndinalephera kuuchotsa, ndiye ndinanama."

Bambo anaimitsa galimoto pamalo athyathyathya n'kuzimitsa injini. M'mitengo nyenje zinkalira. Ndinadikira mbama, ndipo ndinkaona kuti ikundiyenera. Bambo anachotsa manja pachiwongolero. Kenaka anatembenuka, koma sanayang'ane ine. Anayang'ana a Sichali.

"Achimwene, mwanayu ndinamuona pagalasi," anatero ndi mawu otsika amene ndinali ndisanawamvepo. "Ndinaona kuti mwala wamukanika. Ndinaopa kuima, kuti mwina galimoto siinyamukanso. Ndinapitirira ndikudziwa."

Mayi anangoti, "Bambo a Elube!" n'kugwira pakamwa.

A Sichali anatiyang'ana mmodzimmodzi. Sanati palibe kanthu, chifukwa kanthu kanalipo. Anangofunsa kuti tatsika mtunda wautali bwanji kuchokera pakona paja, bambo n'kuyankha kuti sunakwane mailosi. Bambo anati awafikitse kaye kuchipatala, za dalaivala akaziona pobwerera.

"Yayi, dada," anakana a Sichali. "Pobwerera mudzapeza mochedwa. Mkono wanga wathyoka kale, ungadikire. Mutu wa dalaivala uja sunathyoke."

Msewu pamenepo unali wosatembenuzika, ndiye tinakwera wapansi, bambo ndi ine, kusiya mayi akuyang'anira wodwala. Njira yonse ndinkangomva nsapato zawo zakuofesi zikuterereka pamiyala. Titafika, chipika chinali chitapingasa kale msewu ndipo anthu anali atawonjezekera. Bambo anavula chipewa. Munthu wa pa Boma, wa tayi, amene anthu ankamuvulira zipewa pawindo la ofesi, anaima pafumbi n'kunena kuti mwala uja ndi wa galimoto yake. Za ine sanatchule. Ndinadzitchula ndekha, ndili kumbuyo kwawo, koma sindikudziwa ngati alipo anandimva.

Kunabuka phokoso. Mawu ambiri sindinawamve, ndipo mwina zinandithandiza. Mnyamata wina anafika pafupi kwambiri ndi nkhope ya bambo akugwedeza ndodo, bambo osasuntha. Kenaka mkulu wina anafunsa komwe kuli a Sichali, ndipo atamva kuti ndi iwo amene atibweza, analankhula mawu ochepa kwa anzake. Anyamata aja anachotsa chipika monyinyirika. Tikutsika tinamva lole ikubwera kumtunda, ikulira pa giya yaing'ono. Inatidutsa titaima m'mbali, dalaivala wake n'kutikwezera dzanja, akutafuna mzimbe.

Kuchipatala anawaika a Sichali pulasitala, koma fupa linalumikizana mokhota. Chaka chimenecho munda wawo analima ndi akazi awo ndi ana. Bambo ankakwera kukawaona mwezi ndi mwezi, nthawi zina ndi thumba la mpunga, nthawi zina chimanjamanja, ndipo njinga ija anaikonzetsa. Koma mwini wake sanathenso kutsika nayo phiri itasenza katundu. Mpaka pamene tinachoka ku Karonga ndinkawaona pamsika, akazi awo atasenza nthochi pamutu, iwo akutsatira pambuyo ndi kaphava kamodzi kudzanja lamanzere. Akandiona ankandiitana kuti, "Mwana wa mwala!" n'kuseka. Ine kuseka kunkandikanika.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti phunziro la tsiku lija linali loti bodza nloipa, ndipo nloipadi. Koma nditakula, nditakhala ndi ana anga ndi anthu ogwira ntchito pansi panga, ndinayamba kumva bwino funso lija la bambo. Anandifunsa kuti "Wachotsa?" yankho akulidziwa. Ankafuna ndiwanamize kuti apitirize ulendo ndi mtima wopepuka, ndipo ine ndinawapatsa chimene ankafuna. Ndadzigwirapo kangapo ndikufunsa mwana kapena wantchito funso lotero, maso nditayang'ana kumbali, ndipo nthawi zonse manyazi amandigwira.

Bambo sanandimenye, ndipo nkhaniyi sitinaikambenso mpaka anamwalira. Ndimawalemekeza chifukwa cha chipewa chija anavula. Komabe sindidzinamiza kuti kuulula kwathu kunakonza zonse. Kunapulumutsa munthu mmodzi amene mpaka pano sadziwa kuti anapulumuka. Winayo anakalamba ndi mkono wokhota, chifukwa cha ife awiri amene tinkathamangira kukawona dziko.