Zuze waulula pamaso pa azakhali

Loweruka lapitali mlongo wanga Zuze anandinyaditsa, ndipo sindibisa.

Tinasonkhana pakhonde pake kwa Katunga kuti tithetse banja lake. Zaka zisanu ndi chimodzi ali ndi Malita, mwana osaoneka. Azakhali anali atapeza kale mtsikana wina wa kwa Mlolo. Inenso, pepani, ndinali mbali yawo.

Malita wamwa mizu yowawa yosawerengeka. Msana wake wadzaza mphini. Nanga Zuze tinamufunsapo? Ayi. Munthu wandevu, woyendetsa ngolo, angavute pati?

Azakhali ali mkati molankhula, Zuze anaimirira.

"Azakhali, mundikhululukire. Vuto lili mwa ine. Kuchipatala andiyeza."

Azakhali anamukalipira.

"Iwe, khala pansi! Ukufuna anthu azinena kuti unagwa m'papaya?"

"Anene. Koma Malita sachoka pano."

Anafotokoza monga anamuuzira adokotala. M'thupi muli asilikali olimbana ndi matenda. Ng'ombe itamumenya kumalo obisika ali mnyamata, asilikaliwo anakumana ndi mbewu yake n'kuiyesa mdani. Mpaka lero amaikakamira, ndiye imalephera kuyenda kukafika pa dzira la mkazi. Mphamvu zachimuna ali nazo, mbewunso ilipo. Adokotala akuti njira zothandizira zilipo, ngakhale sanalonjeze kanthu.

Abale anga, ndi amayi angati m'chigwa chino amene tawatcha chumba popanda wowayeza? Mwana akachedwa, chala chimathamangira kwa mkazi. Bambo amangosintha akazi ngati malaya, ife n'kumaombera m'manja. Kuyezetsa amakuopa kuposa ng'ona za mu Shire.

Paja amati mutu ukakula sulewa nkhonya. Zuze sanalewe. Mawa adzamuseka kudibi la ng'ombe, iye akudziwa, koma wasankha chitonzo m'malo motaya mkazi wosalakwa. Ine mlongo wake ndikuyenda modzitukumula sabata ino.

Azakhali atanyamuka akung'ung'udza, ndinapeza Malita kuseri akupeta mapira. Ndinagwada n'kupepesa.

"Dzukani alamu," anatero. "Ine ndinadziwa mwezi watha. Tinapita limodzi kuchipatalako."

"Ndiye bwanji simunatiuze? Akanakhala chete, mukanachoka?"

"Ndikanachoka. Si ine woti ndiwavule pagulu."

Ameneyo ndiye mkazi amene ife, anzeru a pabanja, tinabwera kudzathamangitsa.