Thonje m'mahedifoni a alamu

Mahedifoni a alamu anga a Yusufu ankalira mosongoka, nyimbo zachisilamu za kaswida n'kumalasa m'khutu ngati singano. Iwo ali ku chilumba cha Mbenji kogula nsomba, ndinatsegula mahedifoniwo ndi mpeni kuti ndiikemo thonje, mawu afewe. Mpeni unaterereka, kawaya kakumanzere n'kuduka. Ndinawatseka msangamsanga.

Atabwera anawavala ine ndili pompo. Anagogoda khutu lakumanzere, nkhope itasintha.

"Alamu, khutu ili lafa, Wallahi."

"Ndi injini za maboti zimenezo," ndinatero.

M'mawa mwake anapita kuchipatala ku Salima, ine n'kuwaperekeza pa siteji, nkhope yachisoni. Mpaka lero ndikamalankhula amanditchera khutu lakumanja, ndipo ine, wopanda manyazi, ndimakweza mawu.